Alamu anakwera kumbuyo

Mayi a nyumba yoyandikana ndi yathu amasoka zovala pakhonde, tepi yoyezera ili m'khosi tsiku lonse. Salankhula zambiri. Amayendetsa kapikapu koyera, ndipo akamabwerera m'mbuyo pageti salola munthu kuwalozera njira. "Maso ndili nawo," amatero.

Amuna awo atamwalira chaka chatha, alamu awo awiri anafika sabata isanathe. Atangofika, wamkuluyo anatola makiyi a kapikapu kaja patebulo.

"Mlamu, galimoto ya achimwene tikasunga kwathu. Ndi katundu wa banja."

Mayiwo anamaliza kaye kusoka mpendero wa siketi. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku la galimoto, lija limasonyeza mwini wake.

"Werengani mokweza, alamu, aneba amve nawo."

Wamkuluyo anawerenga nambala ya galimoto ndi ya injini bwinobwino, koma atafika padzina mawu anayamba kuchepa. Linali dzina la mayiwo.

"Koma ankayendetsa ndi achimwene," anatero wamng'onoyo.

"Ankayendetsa chifukwa ndinkawabwereka. Ndinaigula ndi singano yangayi. Ngati mukukayika, tiyeni ku ofesi yolembetsa magalimoto akatiuze."

Palibe amene anafuna kupita. Wamkuluyo anaika makiyi pamakina osokera n'kutsanzika ndi mawu apansipansi. Mayiwo anaona kuti kukubwera mvula, ndiye anatola makiyiwo.

"Kwerani, ndikakusiyeni kudepoti. Kutsogolo kuli nsalu za anthu."

Anakwera kumbuyo onse awiri, ndipo anadutsa msewu wathu wonse atagwirira zipewa, ife tili pamageti.