Chitseko cha ku Manje

Inu amene mumati nkhani zinakutherani m'mutu, tamvani za Agnes.

Chaka cha 1995 chinamupeza ali wamasiye. Mwamuna wake atangoikidwa m'manda, achibale a malemu anafika ndi lole ku Kanjedza n'kusesa nyumba yonse, osasiya ngakhale chipande. Agnes ndi mwana wake Betty anakadziphatika kwa mkulu wake wa Agnes ku Bangwe.

Chimene sanathe kukweza pa lole ndi luso lake. Ankalemba nkhani zopeka m'kanyuzi kena, mwa tija tinamera ngati bowa matipate atabwera. Tsamba limenelo ndilo linkadyetsa Betty ndi kumusunga pasukulu.

Koma nkhani zake zonse zinasanduka maliro. Ankangodzitsekera m'chipinda, kulemba, kulira, kulembanso.

Tsiku lina mkonzi wa nyuziyo, a Raymond, anamubwezera mapepala.

"Mayi, pepani zedi, koma amuna anu akumwalira m'nkhani iliyonse. Owerenga atopa n'kukhuza maliro. Lachisanu mubwere ndi zatsopano, apo ayi tsambali ndipatsa wina."

Mawuwo anamulasa mtima, koma sanali abodza. Anakhala ndi cholembera mpaka Lachitatu, pepala lili mbee. M'mutu munalibe china koma nyumba ya ku Kanjedza ija.

Mkulu wake anatopa nazo. "Iwe, ufera m'chipindamu. Tenga usipawu ukapatse azakhali ku Manje."

Taonani zodabwitsa: munthu wobadwira mu Blantyre momwemu, koma ku Manje anali asanapondeko. Minibasi inamutsitsa ku Chilobwe, kotsalako n'kwa miyendo.

Akukwera mtunda wa miyala, thukuta lili kamukamu, anakumana ndi bambo wina akutsetsereka atasenza chitseko pamutu, loko ali lende. Pambuyo pake pankabwera mkazi ndi mtolo wa ziwiya, ndi ana awiri atagwirizira mphasa.

"Bambo, chitsekocho mukukagulitsa?" anafunsa Agnes.

"Ndigulitse bwanji, mayi? Tikusamuka, alandilodi akufuna nyumba yawo. Tinyumba timene timakwanitsa ife amabwereketsa topanda chitseko, ndiye ndimayenda ndi changa. Ichi chaona Ndirande, chaona Chilomoni, panopa chikupita ku Zingwangwa."

"Nanga chikapanda kukwana pakhomopo?"

Bamboyo anaseka. "Timacheka, kapena kuwonjezera thabwa. Nyumba ndi ya eni, inde, koma ndikangokhoma ichi, ana anga amagona kwawo."

Agnes anaima pomwepo mpaka banjalo linazimirira kumunsi. Anaseka, koyamba chichitikireni maliro, kenako misozi inatsika yokha. Anthu opanda nyumba, koma osadandaula kuti alibe kwawo! Usipa uja anapereka ali chiimire, azakhali mpaka kudandaula kuti mwana wa masiku ano sakhala pansi.

Atafika ku Bangwe analemba za banja loyenda ndi chitseko chake, chodzaza zigamba za makomo onse amene chinatsekapo. M'nkhaniyo munalibe bokosi, munalibe nyimbo ya maliro.

Lachisanu a Raymond anawerenga osadzutsa mutu. Atamaliza anavula magalasi.

"Zimenezi mwazitenga kuti?"

"Ku Manje."

"Ndiye sabata yamawa mupita kuti?"

Tsamba linakhalabe lake. Kuyambira pamenepo Agnes sankadikiranso kutumidwa. Ku Ndirande anakhala tsiku lathunthu pakati pa okhoma zidebe, atatchera khutu, n'kubwerako ndi nkhani ya mmisiri wogontha amene ankaimba bwino kuposa onse. Ku Machinjiri anathandiza amayi kusenza njerwa, ndipo anamva zoti m'chipinda sakanazilota. Anthu ankamuseka kuti watha nsapato ngati wolalikira, iye n'kumangoyankha kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Betty sanasiye sukulu. Agnes ankathokoza Mulungu, ankathokoza mkulu wake wokalipa uja, ankathokozanso a Raymond chifukwa chosamunyengerera. Mtima wake unali wodzaza ndi chimwemwe, ndipo sankabisa.

Mwina inunso mwakhala pa pepala loyera mpaka mwayamba kukhulupirira kuti luso linakuthawani. Silinathawe ayi, langotopa ndi makoma omwewo. Sikuti mukafike kutsidya kwa nyanja. Mtunda umene mumauona pawindo tsiku ndi tsiku uli ndi anthu amene simunawapatsepo moni.

Musataye mtima. Valani nsapato, mukakwere minibasi imene simunakwerepo.