Kalata ya mumpanda wa miyala

Ndinali ndi zaka khumi pamene mwini nyumba yomwe tinkachita lendi ku Coolock, mumzinda wa Dublin, anaigulitsa. Ine ndi amayi tinakathera m'chipinda chimodzi cha hotela ku Citywest. Kuphika kunali koletsedwa, kusewera m'khonde koletsedwanso. Kumeneko ankatidziwa ndi nambala ya pachitseko.

Patchuthi amayi ananditumiza kwa azakhali, omwe anathawa lendi ya mu Dublin n'kukakhala kukamudzi kena ku Roscommon. Tchalitchi chinali m'mudzi wina, golosale kutsidya kwa mlatho, sukulu kuseri kwa phiri. Msuweni wanga Tadala anali ndi chipinda chakechake, bwalo la kapinga ndi nkhuku zitatu. Kunena zoona, nsanje inandigwira tsiku loyamba lomwelo.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti nyumba za kumeneko zilibe manambala. Bambo wa positi amangodziwa aliyense ndi dzina. Tsiku lina anandipeza pageti n'kundipatsira envelopu yofiira. Panalembedwa kuti Tadala, ndi dzina la mudzi, basi. Kalata kufika popanda nambala! Ndinaitsegula. Mtsikana wa m'kalasi mwake, wa kuseri kwa phiri kuja, ankamuitanira kuphwando la tsiku lake lobadwa Loweruka. Ndinaipinda n'kuikankhira pakati pa miyala yonyowa ya mpanda, mtima uli myaa.

Lolemba bambo uja anatsitsa galasi la galimoto yake. “Tadala, bwanji sunapite? Anakusungira keke mpaka madzulo. Kalatatu ndinapatsira mlendo wanuyu.”

Azakhali sanandimenye, bola akanatero. Anandikhazika pakhonde.

“Mwana wa achimwene, ukudziwa chimene wachita? Two years tili kuno, invitation yoyamba inali imeneyi. Mnzakoyu pa break amadya yekha.”

Tadala analira mpaka maso kutupa. Kenaka anandiuza m'Chingelezi kuti amandisirira, chifukwa ine ndikakwera Luas, sitima ya mumzinda wa Dublin, palibe amene amatembenuka kundiyang'ana ngati mmene amamuyang'anira iye kumudziko.

Tinapita kukapepesa, koma mtsikana uja sanamuitanenso. Tadala anandikhululukira kalekale, ndipo lero amaseka akaikumbuka nkhaniyi. Ine sindiseka. Pano ndikudziwa kuti nsanje imawerenga zipinda ndi nkhuku, siifunsa kuti mwini wake amadya ndi ndani. Ndinasiya zonse zimene msuweni wanga anali nazo, n'kumubera chokhacho chimene ankachisowa.