Tsiku Limene Injini Inazima Pamwamba pa Nyanja Yamchere

Sukulu yoyendetsa ndege ndinamaliza m'zaka za makuponi a feteleza, koma ntchito kunalibe. Ndinabwerera kwathu ku Kaluluma, n'kupachika sikelo pamtengo wa mango, kumagula fodya kwa matenanti. Anthu ankanditcha payiloti wa sikelo. Nditamva kuti kampani ina yonyamula katundu ikufuna wothandizira kaputeni, ndinawakakamira ngati ndikunenerera belo, mpaka anatopa nane n'kundilemba.

Anandiphatikiza ndi a Kaputeni Chirwa a ku Nkhamenya, munthu wosachulutsa mawu. Tsiku lina masana tikubwerera ndi katundu, geji ya oilo ya injini yakumanja inayamba kugwa. Ndegeyo inali ya injini ziwiri, ndipo pansi panali madzi okhaokha. Tinatsata ndondomeko: kuchepetsa mphamvu, kutseka mafuta, kuizimitsa, kenako kutsikira pamene injini imodzi ingathe kutinyamula. A Kaputeni anasankha bwalo la pachilumba chapafupi, anafunsa za nyengo ndi kutalika kwa msewu woterapo, anadziwitsa oyang'anira ndege, n'kukhota.

Apo pa wailesi panatulukira bwana wa ku ofesi.

"Injini inayo ili bwinobwino, mafuta muli nawo. Fikani kuno kuli amakaniko. Kuchilumbako ndege ikangokhala pansi."

A Kaputeni sanatembenuke. "A venda, kambani nawo. Ine ndili ndi ndege."

Kalankhulidwe ka bwanayo ndinakazindikira. Ndi kanga komwe ka pansi pa mango paja: kutsekemera pakamwa, katundu wosenza ndi wa wina. Ndinakumbukanso kuti matenanti amene ankandigonjetsa sanali olongolola. Ankatchula mtengo kamodzi, n'kukhalira belo lawo, phee.

"Bwana, tikutera pachilumba," ndinatero.

Anadandaula za makasitomala. Ine phee. Anandikumbutsa kuti ntchito ndangoyamba kumene. Apo ndinaiona sikelo yanga ikundikodola, komabe phee.

"Chabwino, terani," anatero potsiriza, ngati kuti timadikira chilolezo chawo.

Tinatera bwino, magalimoto ozimitsa moto akutithamangira m'mbali. Titaima, a Kaputeni anavula zomvera m'makutu.

"Kani pasikelo paja munkaphunzirapo kanthu."

Mpaka lero tomato ndimanenerera mpaka amayi apamsika kundithamangitsa. Koma injini ikatsala imodzi, ndimatchula bwalo lapafupi kamodzi, n'kukhalira belo langa.