Yankho Linkabwera Lachitatu

Bolodi yathu ya chesi inali katoni ya sopo. Aphunzitsi anaijambula timabokosi ndi rula, takudato n'kutipaka polishi wa nsapato, moti tikamaweruka zala zinkanunkha ngati tikupita kutchalitchi. M'kalabu ya pasukulu yathu, kumapiri a kufupi ndi Mvera, tinalimo ana asanu ndi anayi. Mtsikana ndinali ndekha, ndili Sitandade 7.

Dzinja limenelo aphunzitsi anatiuza kuti tisewera ndi mkulu wina wa ku Lilongwe, katswiri wokhala ndi dzina la masitala, amene anawaphunzitsa iwowo chesi ali mnyamata. Ife tonse mbali imodzi, mkuluyo yekha mbali inayo. Tizilemba kusuntha kwathu m'kalata, iwo azitiyankha. Foni ankaikana, ati imathamangitsa mutu. Amene ankanyamula makalatawo anali amalume anga, oyendetsa minibasi ya ku Lilongwe.

Lachisanu lililonse tinkatsalira m'kalasi, mvula ikusokosa padenga, n'kukangana ola lathunthu pa kusuntha kumodzi, kenako n'kukweza manja. Maganizo anga sankapeza dzanja ndi limodzi lomwe. Yankho linkabwera Lachitatu: chilembo, nambala, ndi mawu ochepa pansi pake. "Mwafulumira, adzukulu." Amayi ankangopukusa mutu. "Masewera anji oti usunthe kamodzi, upite kokabandira chimanga, ubwere mnzako asanasunthe?"

Pofika Febuluwale mkuluyo anali atatidyera asilikali awiri, mfumu yathu itapanikizika pakona.

Tsiku lina masana ndinali pachigafa ndi amayi, tikusoka fodya, manja ali nomenome ndi utomoni. Amalume anafika n'kukhala pachitsa. Ankauza amayi, osati ine. "Agogo a makalata aja atisiya. Ndapeza masamba pamsewu. Kalata ndawabwezera aphunzitsi." Amayi anadandaula pang'ono n'kupitiriza kusoka.

Lachitatu yankho linabwera.

Linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha. "Dzanja likuwavuta masiku ano," anatero aphunzitsi, maso ali pabolodi. Ndinkati mwina sindinamve bwino, kapena agogowo alipo awiri. Kenako ndinakumbukira zimene aphunzitsi ankakonda kunena, kuti masitala amaona patali, kusuntha khumi kutsogolo. Ndiye kuti mkuluyo anadziwiratu zonse zimene tidzaganize, n'kulemberatu mayankho asanamwalire. Zimenezi ndinazikhulupirira ndi mtima wonse, mpaka ndinasiya kugwira zidutswa zoyera, za mbali yawo. Lero ndimadabwa kuti mwana angamange nkhani yaikulu chotere pongoopa kufunsa funso limodzi.

Koma mayankhowo anayamba kuchepa mphamvu. Lachisanu lina ndinaona malo oti hatchi yathu itadumphirapo, iopseza mfumu ndi bishopu nthawi imodzi. Ndinaloza ndi pensulo. Anyamata anayamba aseka, kenako anaweramira pabolodi. Manja onse anakwera, koyamba chiyambire. Aphunzitsi anayang'ana bolodi nthawi yaitali, n'kuvula magalasi. "Ichi sindinachione," anatero chapansipansi. Sindinadzifunse kuti kusaona kwawoko kunali ndi vuto lanji.

Bishopu tinamudya. Mondokwa utayamba kupsa tinali titabweza asilikali athu awiri aja, ndipo mfumu yoyera ndi imene inkathawathawa. Anyamata anali atayamba kale kudzitama pachigayo kuti tikugonjetsa masitala wa ku Lilongwe.

Kalata yotsatira inabwera yopanda chilembo kapena nambala. Mkuluyo ankapempha kuti masewera athere pomwepo, pasakhale wopambana kapena wogonja. M'kalasi munabuka phokoso. Aphunzitsi anadikira kuti lithe. "Wamkulu akakutambasulira dzanja, subisa lako kumbuyo," anatero. Manja anakwera limodzilimodzi, monyinyirika. Langa linatsala pa desiki.

"Koma aphunzitsi, agogowo si..."

Anandiyang'ana. Sanakwiye. Ankaoneka ngati munthu amene wamupeza akusamba kumtsinje. "Nena, mwanawe."

"Palibe," ndinatero, n'kukweza dzanja.

Sitinakambiranepo za nkhaniyi mpaka anasamutsidwa kupita ku Ntchisi. Ndine wamkulu tsopano, ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa. Analowa m'malo mwa mphunzitsi wawo, n'kumalemba okha mayankho aja, kuti kalabu isafe, kapena kuti maliro asawafike msanga mumtima. Kutigonjetsa sakanatha, ndipo kulola kuti dzina la womwalirayo ligonje chifukwa cha kulakwa kwawo sakanapirira. Kaya anachita bwino kutinamiza, sindinagamulebe.

Tsiku limenelo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinatsika phiri ndekha, matope akundilemera kumapazi, ndikulira ndi mkwiyo kuti andilanda kupambana kwanga. Njira yonse ndinkadzifunsa kuti munthu woti anaikidwa kale m'manda akuopanji kugonja kwa ana a sukulu, ndipo n'chifukwa chiyani dzanja langa litakwera, amene anapumira m'mwamba anali aphunzitsi.