Mizere Itatu M'kati mwa Diresi

Pakhonde la sitolo ya zitsulo tilipo awiri: ine wosoka nsapato, ndi mayi wa makina amene tonse timangowatchula kuti Atelala. Takhala moyandikana zaka khumi ndi zinayi. Ine pakamwa panga sipatsekeka, ndikuvomera. Iwo ndiye ayi. Ukawafunsa za munthu, amangoluma ulusi n'kupitiriza kupalasa makina.

Komatu amadziwa zambiri, poti tepi yoyezera sinamizika. Mtsikana akaima, Atelala amadziwa amayi ake asanadziwe. Bambo akasoketsa madiresi awiri a misinkhu yosiyana, amadziwanso. Ndawatcherapo misampha ya mafunso kangapo, koma sindinakolepo kanthu.

Chaka chino chinsinsi chinawalowera m'nyumba. Mng'ono wawo, mphunzitsi wa pulayimale, anabwera ndi madiresi m'jumbo.

"Achemwali, mundibwezereko m'chiunomu. Koma alamu anu asadziwe."

Anabweza. Patapita miyezi iwiri mng'onoyo anabweranso nawo, kenaka kachitatu. Atelala, luso lawo lija, anaika tinsalu m'mapewa n'kupinda pachifuwa mwanzeru, mwakuti munthuyo akavala ankaoneka wathanzi. Chikhalirecho anali ndi chotupa pansi pa bere, ndipo kuchipatala ankakanitsitsa, ati akangolowako sakatulukanso. Izi ine ndinazimva pambuyo pake.

Chomwe ndinkaona n'chakuti Atelala anayamba kulakwitsa ntchito. Thumba kulisoka chozondoka, singano kuwabaya kawiri m'mawa umodzi. Foni ikalira ankadzidzimuka. Ndinachita mantha, chifukwa sindinawaonepo ali choncho.

Tsiku lina anandifunsa osandiyang'ana: "Achimwene, ukamathandiza munthu kubisa chinthu chomwe chikumudya, ukumuthandiza kapena ukumupha?"

Ine wolongolola uja ndinangopitiriza kusoka nsapato.

Lachinayi lina masana kunabwera mwamuna wa mphunzitsiyo, dalaivala wa lole amene pakhomo amangogonapo kawiri pa mwezi. Anabwera kwa ine ndi nsapato yothyoka chidendene, koma anayamba wapereka moni kwa alamu ake, akusekerera.

"Alamu, mtima wanga wakhala pansi. Ndimaona ngati mng'ono wanu akuwonda, koma ndaona madiresi ake akale akumukwana bwinobwino. Kaya ndi maso angawa."

Makina anaima. Atelala anawerama. Kenaka anasolola diresi lobiriwira pansi pa tebulo, lomwe linabwera dzulo lake kuti libwezedwe kachinayi, n'kulitembenuza. Iwo akabweza chovala sadula nsalu yotsalayo, amaisiya m'kati poyembekeza kuti mwini wake adzanenepanso. Ndiye m'mbalimo munali mizere itatu ya ulusi, wina m'kati mwa unzake.

"Khalani pansi, alamu," anatero. "Uwu ndinasoka mu Januwale. Uwu mu Marichi. Uwu mwezi wathawu."

Bamboyo anagwira nsalu yopindikayo, n'kuiyeza ndi zala zake. Zinakwana zinayi mbali imodzi yokha. Nsapato ija anaiiwala pabenchi panga.

M'mawa mwake anatengera mkazi wake kuchipatala. Anamugoneka, ndipo zotsatira za zoyeza tikuzidikirabe. Atelala atapita kukamuona, wodwalayo anatembenukira kukhoma.

Dzulo kunabwera mwana wamkulu wa wodwalayo, akuyang'ana pansi.

"Amayi aakulu, amayi akuti mundipatse madiresi awo onse. Akuti apeza telala wina."

Atelala anawapinda limodzilimodzi, n'kuwaika m'jumbo. Atamupatsa, anamugwira pamkono.

"Koma akudya?"