Fani Yopukusa Mutu

Inali yakuda, yachitsulo, yolemera moti ine sindinkatha kuisuntha ngakhale ndi manja awiri. Mapiko ake anali anayi, amkuwa, koma tsiku limene ndinaiona koyamba mkuwawo sunkaoneka chifukwa cha fumbi losakanikirana ndi mafuta, ndipo mavu anali atamangamo kanyumba kawo. Chingwe chake chinali chokutidwa ndi nsalu, chodyedwa ndi makoswe malo atatu. Fani imeneyi inakhala pa tebulo la amalume, pakati pa mawailesi akufa ndi nsimbi zopserera, itazolika mutu ngati mwana amene wangodzudzulidwa kumene.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kwathu kunali ku Kapondo, kopanda magetsi, ndipo bambo anali atapita kukagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya kutsidya kwa boda. M'mawa wina wa Seputembala amayi anandikweza kabaza mpaka ku Kamwendo, kwa alongo awo. Anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kundiuza kuti, "Ndikupita kuchipatala kukagula mwana. Ukhale bwino ndi amalume ako. Usavute." Anakwera minibasi ali ndi beseni latsopano ndi zitenje zopindapinda, ine n'kutsala pamsewu ndi kajumbo kanga ka zovala.

Lero ndikudziwa kuti ankapita kuchidikiro, kumene amayi oyembekezera ochokera kutali amakayembekezera tsiku lawo. Mimba yawo ndinkaiona, inde, koma palibe anandiuza kuti mimba ndi mwana ndi nkhani imodzi. Chimene chinandilowa mumtima ndi mawu akuti kugula. Kwathu sitinkagula chinthu chakale chikadali bwinobwino. Amayi ankagula ndowa yatsopano pokhapokha yakale ikabooka, ndipo yobookayo inkapita kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumamweramo. Ndiye ndinkadzifunsa kuti kodi ine ndabooka pati.

Amalume ankakhala okha. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, cha kutsogolo cha ntchito, cha kumbuyo chogona, ndipo malata ake ankathetheka dzuwa likafika pamutu. Sanali munthu woipa, kungoti sankadziwa choyankhula ndi mwana. M'mawa ankangoti, "Wasamba?" Madzulo, "Wakhuta?" Basi. Koma zinthu zimene ankakonza ankacheza nazo ngati anzawo. Akatsegula wailesi ankati, "Tandiuza, iwe ukudwala chiyani?" Ine ndinkakhala pakhomo, msana ku felemu, n'kumachitira nsanje mawailesi.

Anandilembetsa pasukulu ya pafupi. Anzanga anali atagawana kale magulu, ndipo pa buleki ndinkadya chinangwa changa ndekha kuseri kwa kalasi, nyenje zikulira mumtengo wa mango mpaka m'makutu kuwawa. Ndikaweruka sindinkapita kukasewera. Ndinkaima pasiteji. Minibasi iliyonse ikaima ndinkayang'ana miyendo ya otsika, chifukwa masilipasi a amayi ndinkawadziwa, obiriwira, lina lomangidwa ndi waya. Malole opita kuboda ankandithira fumbi, a kabaza n'kumandiseka kuti, "Kamtsikana aka kakudikira mwamuna wake."

Fani ija inali ya aphunzitsi anga, mayi wamtali wa mawu otsika. Ndinawamva akufotokozera amalume kuti bambo awo anali khukhi kwa mwini esiteti wina, ndipo mwiniyo pochoka anawapatsa faniyo. Bambowo anaisenza mpaka kumudzi kopanda magetsi, kumene inakhala pamwamba pa kabati zaka zambirimbiri osazungulirapo n'kamodzi komwe. "Ngati ingadzuke, idzutseni," anatero aphunzitsi. "Ndi chokhacho chimene bambo anandisiyira."

Amalume ankaigwira masana, makasitomala akachepa. Anaimasula yonse, chidutswa chilichonse n'kuchiika pa nyuzipepala motsatana ndi mmene anachichotsera. Masikulu anawaviika m'chitini cha parafini. Girisi wakale anali atauma gwa ngati phula, ndipo ankamukokota ndi kamtengo ka machesi ndi mswachi wotha. Fungo la parafini ndi dzimbiri linkalowa mpaka m'bulangete langa. Mapiko anawakwecha ndi ndimu ndi phulusa, ndipo tsiku limene mkuwa unatulukira ndinadziona m'menemo, nkhope yayitali ngati ya mbuzi. Ndinaseka. Amalume anatembenuka modabwa, mwina chifukwa kanali koyamba kundimva ndikuseka m'nyumba mwawo.

Patapita masabata awiri anaika chingwe chatsopano, anadonthezera mafuta a makina osokera, n'kuyatsa. Inayamba yang'ung'udza, kenaka mapiko anasowa, mphepo n'kundimenya kumaso. Ndinali ndisanaonepo mphepo yochita kuitana. Ine ndinayesa ntchito yatha, koma amalume anazimitsa. "Ayi, khosi likadali louma," anatero. "Iyi sanaipange kuti izipemerera munthu mmodzi."

Vuto linali kagiya kakang'ono kumbuyo kwa mutu, kamene mano ake atatu anali atathothoka. Kotere sikankapezeka m'sitolo iliyonse. Amalume anadula chidutswa cha mpopi wakale wamkuwa n'kuyamba kusema mano ndi tupa, limodzilimodzi, maso atatsinzina pang'ono. Koyamba kanakana. Kachiwiri kanayenda pang'ono n'kumangirira. Masiku onsewo phokoso la m'nyumba linali la tupa lokha, kwee, kwee, ndipo ine ndinali nditayamba kuchita zimene amalume ankachita. Akatuluka ndinkayandikira fani ija n'kumaiuza zanga: kuti kusukulu andibera pensulo, kuti ndiwo za amalume zimachuluka mchere, kuti minibasi zadutsa zambiri lero koma masilipasi obiriwira sanatsike.

Kagiya kachitatu kanagwira Loweruka lina masana, mu Okutobala, kunja kukutentha moti phula la pamsewu linkanyezimira ngati madzi. Amalume anadina kabatani ka kumbuyo, ndipo mutu uja unayamba kuyenda, kumanzere, kumanja, pang'onopang'ono. Anaima n'kuiyang'ana nthawi yayitali, manja m'chiuno. Kenaka anati, "Isiye iyende, ndione ngati itenthe. Usaikemo chala." Anapita kumsika kukagula ndiwo.

Ndinatsala nayo ndekha. Kwa amalume, fani inali ikutembenuka. Kwa ine, inali ikupukusa mutu, ndendende mmene amayi ankachitira ndikapempha shuga wonyambita. Ndiye kuti tsopano ikutha kuyankha.

Ndinayamba ndi kuiyesa. "Kodi ndiwe ya amalume?" Inapukusa mutu. Zoona, inali ya aphunzitsi. "Kodi mvula igwa lero?" Inapukusa mutu, ndipo kumwamba kunalidi kopanda kamtambo. Ndinayang'ana pakhomo, n'kugwada pafupi kwambiri moti mawu anga ankanjenjemera ndi mphepo.

"Kodi amayi akagula mwana?"

Inapukusa mutu.

Ndinafunsa katatu, ndipo katatu konse inakana. Pano ndi pamene pali chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga. Ndinaomba m'manja. Ndinavina pakati pa mawailesi aja, n'kubwerera, n'kugwadanso, n'kunena kuti, "Zikomo." Funso lina lija, lakuti kodi amayi abwera, sindinayerekeze kulifunsa. Mwina pansi pa mtima ndinkadziwa ndithu kuti chinthuchi chili ndi yankho limodzi lokha.

Ine ndinapita kukoleji, ndili ndi satifiketi, ndipo ndikhoza kukujambulirani mmene kagiya kamakokera kamkono kuti mutu utembenuke. Ndikudziwa kuti chitsulo sichimva. Koma kudziwa ndi kwina, mtima ndi kwina. Mwana wanga ali ndi miyezi isanu, ndipo akagona masana ndimasiya zochapa kanayi kapena kasanu kukaika chala pamphuno pake. Fani yapulasitiki imene tinagula chaka chino ndinaikoka kabatani kuti iziyang'ana mbali imodzi. Mwamuna wanga akaidina kuti izitembenuka, ndimapeza chifukwa chotulukira panja.

Patapita masiku anayi kuchokera Loweruka lija, foni ya amalume inalira chakumasana. Anamvetsera, kenaka anati, "Chabwino, ndikubwera." Anatseka chitseko dzuwa likadali pamutu, zimene anali asanachitepo, n'kukandisiya kwa aphunzitsi. Anayankhulana motsitsa mawu pakhonde. Tsiku limenelo aphunzitsi anandipatsa tiyi wamkaka ndi banzi lathunthu, anandiluka tsitsi, ndipo manja awo ankachedwa pamutu panga. Ine ndinaganiza kuti ayamba kundikonda chifukwa ndinakhoza masamu.

Mawa lake madzulo ndinali pasiteji, ndipo masilipasi obiriwira anatsika. Amalume anali atawagwira mkono. Ndinathamanga, koma ndisanawakumbatire ndinazungulira kaye kumbuyo kwawo kuti ndione kumsana. Kunalibe kanthu. M'beseni munali zitenje zija, zopindidwa monga momwe zinapitira. Chimwemwe chimene ndinamva pamenepo ndimachikumbukabe m'thupi, ndipo ndi chimene chimandichititsa manyazi kuposa china chilichonse.

"Amayi, ana anatha?" ndinafunsa.

Amalume anayang'ana kumbali. Amayi anandigwira kumutu, dzanja lawo lotentha, n'kunena kuti, "Anatha, mwanangu."

Palibe analira. Sikunabwere anthu, sikunasonkhedwe moto panja, sikunaimbidwe nyimbo, ndiye ine ndikanadziwa bwanji? Ndinadzamva ndili wamkulu, ndili ndi pakati panga, kwa amayi anzanga pamzere wa sikelo, kuti mwana wobadwa atafa kale amamutcha mtayo. Amakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, ndipo mwini mwanayo amamuuza kuti asalire. Ndinakhala pabenchi paja n'kumawerenga masiku chobwerera m'mbuyo, kuchokera pa foni ija kufika Loweruka lija, mpaka namwino anachita kundiitana kawiri.

Amayi analibe mphamvu zopitirira ku Kapondo, choncho amalume anawayalira mphasa m'chipinda cha kumbuyo, iwo n'kumagona pakati pa mawailesi. M'chipindamo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Aphunzitsi anabwera tsiku lotsatira, ine n'kuganiza kuti adzatenga fani yawo. Analowa, anakhala pansi pafupi ndi amayi, miyendo atatambasula. Potuluka amalume anawalozera fani ija, ikunyezimira, yomalizidwa. Iwo anaisisita pamutu kamodzi. "Isungeni kaye mpaka mvula igwe," anatero, n'kumapita. Chinthu chimene anachidikira zaka zonse zija anachisiya osachiona n'komwe chikuzungulira m'nyumba mwawo. Nthawi imeneyo ndinangoti mwina chawalemera.

Amalume anainyamula n'kuiika pansi m'chipinda muja. Anayatsa, n'kukoka kabatani kuti mphepo izipita kwa odwala okha. Amayi anatsegula maso. Ine ndinali nditakhala kukhoma, maondo pachibwano.

"Isiyeni izitembenuka, achimwene," anatero. "Imupezeko nayenso."

Ndiye inayambanso kuyenda, kwa amayi, kwa ine, kwa amayi, kwa ine. Ndinkaopa kuiyang'ana. Ndinkaona ngati iwaululira zimene tinakambirana.

Amayi akadali moyo. Nditabereka anabwera kudzandithandiza mwezi wathunthu, ndipo ankamusambitsa mdzukulu wawo akuimba motsitsa. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze za Loweruka lija, koma ndinkangotsekanso. Ndingayambe bwanji? Iwo sanatchulepo za mwana ameneyo, ngakhale kuti anali wamwamuna kapena wamkazi, ndipo ine sindikudziwa ngati kufunsa kungakhale kuwapepesa kapena kuwatsegula bala.

Chinthu chomaliza ndinachizindikira mwezi wathawu. Ndinali m'minibasi ndekha, mwana nditamusiyira bambo ake kwa maola awiri okha, ndipo khanda la mayi wina linalira kumbuyo. Ndinangomva kutentha pachifuwa. Nditayang'ana, bulauzi yanga inali itanyowa malo awiri. Ndinafunda chitenje mpaka kumaso, anthu n'kumaganiza kuti ndikuthawa fumbi.

Pakuti tsiku lachitatu amayi atabwerako kuchipatala kuja, masana, amalume ali kutsogolo ndi kasitomala, ndinaona bulauzi ya amayi itanyowa chimodzimodzi, malo awiri, ndipo kunyowako kunkakula. Anali atagona chagada, maso ali kudenga. Ndinati m'mtima mwanga, thukuta ili, amayi atenthedwa. Ndinafuna kuwasonyeza kuti ine sindinabooke, ndikhoza kuwasamala ndekha popanda mwana wogula. Ndinagwira tsinde la fani ija ndi manja awiri, n'kukankha ndi bondo, ndipo kwa nthawi yoyamba inasuntha, ikukwekwereza pasimenti, mpaka pafupi ndi chifuwa chawo. Ndinakoka kabatani kuti iime pa iwo okha.

"Muuma pompano, amayi," ndinatero.

Anatembenuzira nkhope kukhoma, mapewa awo akugwedezeka popanda mawu. Ndinayesa kuti mphepo yawazizira, ndiye ndinawafunditsa kumiyendo chitenje chimodzi cha m'beseni muja. Ndinakhala pambali pawo masana onsewo, n'kumadabwa kuti thukuta lanji ili lotuluka malo awiri okha, lonunkhira ngati tiyi wa aphunzitsi, limene fani yamphamvu chonchi ikulephera kuliumitsa.