Mawu a amayi anapita ndi foni

Ndimaluka tsitsi pakhonde panga ku Zingwangwa, ndipo makasitomala amandipeza pa foni. Tsiku lina ndinadina linki imene inabwera ngati uthenga wa kutchalitchi. Pofika masana, foni inayamba kutumiza yokha linkiyo kwa aliyense, m'dzina langa.

Ndinathamangira kwa mayi wina wokonza mafoni pamsika, mwana wanga ali kumsana. Ataiona anati, "Asisi, choyamba tichenjeze makasitomala anu asadine. Kenako tifufute zonse. Zinazo zidikire."

Ndinafunsa motsitsa mawu ngati tingayambe tapulumutsa mauthenga a mawu a malemu amayi anga, amene matope a namondwe anawatenga ku Manje. Anapukusa mutu. Anati akuba amene anatumiza linkiyo alowa kale paliponse m'foniyo, ndipo tikachedwa alowanso m'mafoni a anthu amene amandidyetsa.

Ndinavomera, ndipo anafufuta ine ndikuona.

Loweruka lake makasitomala anabwera ndithu, ntchito sinaime. Koma mu uthenga umodzi amayi ankaseka, akundifunsa ngati mwana wayamba kukwawa. Pano akuthamanga. Ndikamaluka ndimayesa kukumbukira mmene ankakokera dzina langa poitana, koma mawuwo amamveka patali kuposa dzulo.